MTEMBO UNABWERA NDI MAPEPALA, MWANA ANATSALA

Ambiri a inu munabwera pa maliro a mlongo wanga kuno ku Bauleni caka catha. Munawaza nkhuni, munatunga madzi, munaimba usiku wonse mpaka mau kusasa, ndipo banja lathu silidzaiwala. Koma pali cinthu cimodzi cimene sitinakuuzeni masiku aja cifukwa ca manyazi. Lero ndifuna kucinena poyera. Ndidziwa kuti ena mudzakwiya nane, makamaka inu amene muli ndi abale kunja. Kwiyani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Mtembo unacokera ku Johannesburg pa galimoto. Unabwera ndi envulopu yodzaza mapepala: kalata ya imfa, kalata ya okonza mitembo, cilolezo cotulutsira maliro m'dziko lija, ndi cina cowalowetsera m'dziko lino. Pa boda pali ponse anadinda, nautsegulira njira. Munthu wakufa analowa m'Zambia mwaulemu wonse. Koma mwana wake mmodzi yekhayo, kamtsikana ka mu Giredi 2, sanabwere kudzaponya dothi m'manda a amai ake ku Leopards Hill. Anaonera pa foni, atakhala pa miyendo ya mai wina wacifundo amene anali kukhala naye pafupi. Cifukwa ciani? Analibe pepala liri lonse lonena kuti iye ndi yani, ndi wa dziko liti. Anali ndi kabuku ka ku sikelo cabe, ndipo kabuku ka ku sikelo sikadutsa pa Beitbridge.

Ine ndine malume wa mwana ameneyu. Kwa ife a kum'mawa, malume ndiye mwini mbumba. Ndinapita ku koleji, ndimadziwa kulemba makalata a Cingerezi, ndimatsogolera gulu la acinyamata. Zaka zonse zija mlongo wanga anali kutumiza ndalama pa Mukuru, ine ndinali kuthamanga kukatenga. Anali kutumiza zithunzi za mwana atabvala diresi ya Krisimasi, ine nkumayankha kuti wakula, wafanana ndi ambuya ake. Palibe tsiku limodzi limene ndinafunsa kuti, kodi mwanayu analembedwa? Conco pamene ndikuloza cala m'nkhani ino, dziwani kuti ndayamba ndi nkhope yanga.

LAMULO LINATIPATSA KALE

Comvetsa cisoni ndi ici: mwanayu ndi nzika ya Zambia kuyambira tsiku limene anabadwa. Sapempha cifundo kwa wina ali yense. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anakonzedwera ndi kusainidwa pa 5 January 2016, anena momveka pa Ndime 36 kuti munthu wobadwira kunja kwa Zambia ndi nzika mwa mtundu, ngati pa tsiku la kubadwa kwake kholo limodzi linali nzika mwa kubadwa kapena mwa mtundu. Kholo limodzi! Lamulo silinanene kuti atate okha. Silinanene kuti makolowo akhale okwatirana pa chalichi kapena kwa boma. Mai wa ku Zambia amapatsa mwana wake dziko mofanana ndi tate. Musaciyese copepuka cimeneci. Ku Botswana, mai wina wodziwa malamulo, Unity Dow, anacita kutengera boma lake kukhoti kuti ana ake a mwamuna wa kunja akhale nzika, ndipo anapambana mu 1992. Ife tinapatsidwa m'manja, koma tikukugona nako.

Kale panali cifukwa cina ca mantha. Caka ca 2016 cisanafike, munthu wamkulu sanali kuloledwa kukhala nzika ya Zambia ndi ya dziko lina pa nthawi imodzi, ndipo makolo ena anali kubisa ana poopa kuti akawalembetsa kuno adzataya mwai wa kunja. Ndime 39 inacotsa mantha amenewo: nzika siitaya unzika wake cifukwa cotenga wa dziko lina. Zaka zapita kucokera pamenepo, koma pa WhatsApp ndimamvabe anthu akucenjezana ndi lamulo limene linafa kale.

Tsono bvuto liri pati? Liri apa: kukhala nzika ndi cinthu cina, kuonetsa kuti ndiwe nzika ndi cinthu cinanso. Magazi salankhula pa windo ya ofesi. Wa pa boda sayang'ana mphuno ya mwana kuti aone ngati ndi ya Acewa a ku Katete kapena Ansenga a ku Petauke. Amafuna unyolo wa mapepala wogwirana bwino: pepala lonena kuti mwanayu anabadwa tsiku lakuti, kwa mai wakuti ndi tate wakuti, ndi pepala lina lonena kuti mai kapena tate ameneyo ndi wa Zambia. Mphete imodzi ikasowa, unyolo wonse ulibe nchito.

Ndipo musanamizidwe ndi mau aja akuti kumene wabadwira ndiko kwanu. Zimenezo ziliko ku maiko monga Canada ndi Brazil. Ku South Africa, mwana wa makolo awiri acilendo sakhala nzika cifukwa cabe anabadwira ku Hillbrow kapena ku Tembisa. Ku Britain mwambo umenewo unatha pa 1 January 1983. Ngakhale kuno kwathu ndi cimodzimodzi: mwana wobadwira ku Kanyama kapena ku Chawama kwa makolo awiri a ku Congo kapena ku Rwanda sakhala wa Zambia mwa kubadwa. Conco mwana wa mlongo wanga, a ku South Africa akamuyang'ana amati si wathu, ndi wa Zambia, ndipo sanalakwe. A ku Zambia akamuyang'ana amati tionetseni, ndipo naonso sanalakwe. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Uyu ali pakati pa mapanga awiri, mvula ikumuthera pamutu, pamene limodzi la mapangawo ndi lake ndithu.

"TIDZACITA TIKABWERA"

Ndafunsa anthu angapo a m'komboni muno amene ali ndi adzukulu kunja. Yankho ndi limodzi, ngati anapangana: adzakonza akabwera kunyumba. Kodi adzabwera bwanji ndi mwana wopanda pasipoti? Pamenepo amakhala cete.

Sindikunyoza alongo athu. Ndidziwa mmene zimakhalira. Munthu amakwera basi pa Intercity ndi masiku owerengeka odindidwa m'pasipoti. Amapeza nchito ya m'saluni kapena ya m'nyumba ya bwana, masiku aja amatha, ndipo kuyambira pamenepo ofesi iri yonse ya boma amaiona ngati msampha. Akaona yunifomu amasintha njira. Anamva za anthu 62 amene anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008, anaona yekha za mu 2015 ndi 2019, anamva mmene gulu la Operation Dudula linaimira pa geti ya cipatala ca Kalafong ku Pretoria mu 2022 kubweza anthu acilendo. Munthu wotere ukamuuza kuti pita ukalembetse mwana, amamva ngati wamuuza kuti kadzipereke wekha. Mantha amenewa ndi oona. Koma mantha a mai amatha ndi moyo wa mai, pamene kusowa kwa pepala kumatsala ndi mwana.

Lamulo la ku South Africa limafuna kuti mwana alembedwe pasanathe masiku 30 cibadwire. Akapitirira masiku amenewo, nkhani imalowa m'gulu la kulembetsa mocedwa, ndipo pamenepo pamaculuka mafunso, mboni ndi kudikira. Cimene cikanatha m'mawa umodzi cimasanduka ulendo wa miyezi. Ndipo cimene alongo athu ambiri sadziwa ndi cakuti makhoti a dziko lija anaimira ana. Mu 2018, pa mlandu wa Naki, khoti lalikulu la ku Grahamstown linagamula kuti mwana asakanizidwe kulembedwa cifukwa kholo lake liribe ciphaso cokhalira m'dzikomo. Mu 2021 khoti la malamulo aakulu linagamula kuti tate wosakwatira angathe kulembetsa mwana wake m'dzina lake ngakhale mai palibe. Sindikunena kuti mukafika pa windo adzakulandirani ndi tiyi. Koma pali mabungwe monga Lawyers for Human Rights, ndi Scalabrini Centre ku Cape Town, amene amathandiza pa nkhani zenizenizi. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Kunena zoona, cizolowezi cimeneci sitinaciphunzire ku Joni. Tinacinyamula kucokera kuno. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'Zambia, 14 okha ndiwo anali olembedwa. Ndife mtundu wa anthu okula ndi kadi ya ku sikelo, nkumadikira zaka 16 kuti atate kapena amalume akatilumbirire titenge reji. Kuno zimenezo zimayenda, cifukwa mfumu ya mudzi iripo, ambuya alipo, aliyense adziwa kuti ndiwe mwana wa yani. Koma ukanyamula cizolowezi cimeneci nkupita naco ku dziko la eni, kulibe mfumu yako kumeneko.

Tayang'anani reji yanu yobiriwira. Pali dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma lanu, ndipo nambala yake imathera ndi 1, kusonyeza kuti ndinu nzika. Popanda kakadi kameneko simulembetsa simu, simutsegula akaunti ku banki, simupempha ngongole ya maphunziro ku HELSB, simulowa nchito yolembedwa, simuvota. Tsono ganizani mwana amene adzafika zaka 16 alibe njira yotengera kakadi kotere, kuno kapena uko. Ku South Africa khoti linalamula mu December 2019 kuti ana opanda mapepala asacotsedwe m'masukulu, ndipo nkwabwino. Koma sukulu imatha. Pambuyo pake nciani? Adzagwira nchito m'dzina la munthu wina, adzakwatiwa popanda kalata, adzabala ana amene naonso sadzalembedwa cifukwa mai wao kulibe pa pepala. Bvutoli limabala.

TAONANI ZA MACHONA

Ngati muganiza kuti ndikukuopsezani cabe, funsani ambuya anu za abale amene anapita ku Wankie, ku Salisbury ndi m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia m'nthawi ya Federation, pakati pa 1953 ndi 1963, ngakhalenso kale kuposa pamenepo. Anacoka ku Chipata, ku Lundazi, ku Nyasaland ndi ku Tete ndi mau omwewa akuti ndikagwira zaka ziwiri ndibwera. Anakwatira kumeneko, anabala, anafera kumeneko. Ana ao anakula akulankhula Cinyanja m'makomboni a m'migodi, osadziwa mudzi wa atate ao koma dzina lokha. Ambiri anapatsidwa zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Pamene mafamu anayamba kulandidwa mu 2000, anatsala opanda nchito ndi opanda kopita. Mu 2001 lamulo la ku Zimbabwe linawauza kuti akane unzika wa maiko a makolo ao, unzika umene ambiri analibe ngakhale pepala lake. Malamulo atsopano a mu 2013 anayesa kukonza, koma mu 2021 bungwe la Amnesty International linalengeza kuti anthu pafupifupi 300,000 m'dzikomo anali pa ngozi yokhala opanda dziko, ndipo ambiri mwa iwo ndi adzukulu a machona amenewa.

Agogo aja tingawakhululukire. Ambiri sanali odziwa kuwerenga, ndipo kalata inali kutenga mwezi kuti ifike kumudzi. Nanga ife a mafoni m'manja, tidzanena ciani kwa adzukulu athu?

Ndipo musaganize kuti funso la unzika limagwera osauka okha. Dr Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, nalamulira dziko lino zaka 27. Koma popeza makolo ake anacokera ku Nyasaland, lamulo la mu 1996 linawatsekera kuima pa masankho, ndipo mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linanena kuti alibe dziko. Nkhaniyo inatha pambuyo pake, ndipo mu 2021 tinawaika mwaulemu ku Embassy Park. Mu 1994 andale awiri, William Banda ndi John Chinula, anapitikitsidwa kupita ku Malawi ponenedwa kuti si a kuno, ndipo a Chinula anafera komweko. Ngati anthu odziwika ndi dziko lonse anagwedezedwa conco pa nkhani ya kumene anabadwira ndi amene anawabala, kodi kamtsikana kamasiye ka ku Johannesburg adzakamvera ndani?

NJIRA YA CIDULE

Apa ndipo pamene ndikufuna kukangana nanu kwenikweni. Titaika maliro, banja linakhala pansi. Mmodzi wa akulu anati, bwanji mukubvutika? Tipatse kondakitala wa basi kenakake, amubise mwanayo pakati pa katundu kapena amuche wake, afike naye kuno. Akafika tidzapeza kadi ya ku sikelo, tidzanena kuti anabadwira kumudzi ku Katete, m'nyumba, ndipo ambuya ake adzalumbira kuti ndi mwana wao womaliza. Ena onse anagwedeza mitu kubvomera. Anachula mabanja awiri atatu amene anacita conco ndipo zinayenda. Ine ndemwe ndinatsala pang'ono kubvomera, cifukwa amai anali kulira ndipo ndinali wotopa.

Ndinakana, ndipo kufikira lero ena m'banja sandilankhula bwino. Koma tamverani.

Coyamba, mukupereka mwana wamkazi wa zaka zocepa m'manja mwa mwamuna amene simumudziwa, pa ulendo wa masiku awiri, wodutsa maboda awiri, popanda pepala liri lonse lonena kuti mwanayo wakwera basi imeneyo. Akasowa pa njira mudzakanena ciani ku polisi? Mudzati tataya mwana amene kulibe? Mu December 2023 akuluakulu a za maboda ku South Africa analengeza kuti anaimitsa ana 443 pa Beitbridge, amene anali m'mabasi popanda makolo ao. Njira imene ife timaicha yothandizana ndiyo njira yomweyo imene amayendamo ogulitsa ana.

Caciwiri ndi cimene cimandipweteka mutu. Mukunama kuti mupeze cinthu cimene ndi canu kale! Ciri ngati munthu wothyola zenera la nyumba yake pamene kiyi iri m'thumba. Mwanayo ndi nzika mwa coonadi, kudzera mwa amai ake. Mukamulemba kuti anabadwira ku Katete, mwacotsa unzika woona nkuikapo wabodza, umene ungagwe tsiku liri lonse. Kulumbira zabodza ndi mlandu, ndipo amene mukumuika pa mlanduwo ndi nkhalamba ya zaka 60 imene idzadinda cala pa pepala limene siinawerenge. Ndiponso mwana si mbuzi, ali ndi pakamwa. Amalankhula Cizulu, amakumbukira sukulu yake, cipatala cija cinasunga dzina lake. Tsiku lina adzafuna pasipoti, kapena nchito ya usilikali, kapena kuima pa ukhansala, ndipo mdani mmodzi cabe adzafunsa kuti, kodi uyu anabadwira kuti? Mwaona kale zimene funso limeneli linacita kwa anthu aakulu.

Palinso zina zimene bodza limamulanda. Lamulo la ku South Africa limalola mwana wobadwira kumeneko, amene analembedwa ndipo wakhala komweko kufikira zaka 18, kupempha unzika wa dzikolo. Mukafafaniza kubadwa kwake, mwamutsekera khomo limenelo inu eni. Ndipo kuno kwathu, lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 limapereka theka la cuma ca womwalira kwa ana ake. Mlongo wanga anasiya kanyumba ka zipinda ziwiri kamene anamanga ndi ndalama za m'saluni. Tikanalemba kuti mwanayu ndi wa ambuya ake, pa pepala akanasanduka mng'ono wa amai ake, ndipo mlongo wanga akanakhala munthu amene anafa wopanda mwana. Ndani akanapindula? Ndikusiyirani inu funso limenelo, popeza mabanja athu mumawadziwa.

Wina anandiuza kuti, koma mwanayo anabatizidwa, kadi ya ubatizo iripo. Isungeni bwino, ingathandize monga umboni woonjezera. Koma kadi ya mpingo si ciphaso ca boma, ndipo abusa kapena ansembe sadinda pasipoti. Winanso anati za mapepala nza dziko lapansi, ife kwathu nkumwamba. Ameneyo akawerenge Ezara mutu 2, aone zimene zinacitikira mabanja amene anabwerera kucokera ku Babulo koma maina ao sanapezeke m'mabuku a mibadwo. Akawerengenso Macitidwe 22, aone cimene cinaletsa mkwapulo kugwera pa msana wa Paulo, munthu wobadwira ku Tariso.

KWA INU ANYAMATA

Musaganize kuti nkhani ino ndi ya atsikana. Ndikudziwa anyamata a m'magulu athu amene anapita kukayendetsa mathiraki kapena kukagwira nchito ya zomanga ku Gaborone, ku Durban, ku Lubumbashi ndi ku Dar es Salaam. Ena anasiya ana kumeneko. Akabwera pa Krisimasi amatisonyeza cithunzi pa foni monyada, ati uyu ndi mwamuna wanga wa ku Botswana. Ukafunsa ngati dzina lao liri pa kalata ya kubadwa ya mwanayo, amaseka. Mbale wanga, ngati dzina lako palibe pa kalata imeneyo, Ndime 36 iribe pogwira. Mwanayo ali ndi ufulu wa dziko lino kudzera mwa iwe, ndipo iwe waukhalira. Ukadzafa pa ngozi ya pa mseu, monga amafera oyendetsa mathiraki ambiri, ndani adzakhulupirira mai wacilendo wobwera ndi mwana pa maliro ako? Alongo ako omwe ndiwo adzayamba kumuthamangitsa. Kutumiza ndalama ya matewera si utate wonse. Pita ukaime pa mzere, uonetse reji ndi pasipoti, usaine.

NANGA TICITE CIANI?

Njira yoona si yacinsinsi. Imayambira m'dziko limene mwana anabadwira, cifukwa kalata ya kubadwa imacokera kumene kubadwako kunacitikira. Mai asatuluke m'cipatala popanda pepala la umboni wa kubadwa, ndipo apite nalo kukalembetsa masiku asanathe. Aonetsetse kuti maina a makolo alembedwa ndendende monga aliri pa reji ndi pa pasipoti. Ambiri a ife tiri ndi dzina la kunyumba, la ku sukulu ndi la ubatizo, ndipo cilembo cimodzi cosiyana cingakubwezeni pa windo.

Ndi kalata imeneyo, kholo lipite ku ofesi ya kazembe wa Zambia: ku Pretoria, ku Harare, ku Gaborone, ku Lilongwe, ku London, kulikonse kumene kuli pafupi. Kumeneko ndiko kopemphera pasipoti ya mwana. Nyamulani kalata ya kubadwa, reji ndi pasipoti ya kholo la ku Zambia, zithunzi za mwana, ndipo khalani okonzeka kulemba kalata yolumbira. Yambani mwaimba foni kuti akuuzeni mndandanda wonse ndi mtengo wa nthawi imeneyo, musanaononge ndalama ya basi. Musadikire kuti pakhale ulendo. Pasipoti ya mwana si ya ulendo cabe, ndiyo umboni wa boma lathu wakuti mwanayu ndi wathu. Ndipo pasipoti ya kholo isasiyidwe kuti ife, cifukwa pasipoti yakufa imabweretsa mlandu wina pamwamba pa mlandu.

Inu amene muli kuno, nchito yanu iripo. Likulu la dipatimenti yoona za mareji, mapasipoti ndi unzika liri ku Kundalila House pa mseu wa Dedan Kimathi, mseu womwewo umene pali Intercity. Timaperekeza abale pa basi, timakalandira katundu wao, koma sitinayendepo mapazi ocepawo kukafunsa za ana ao. Sabata ino, musanapemphe ndalama ya fizi kapena foni yatsopano, mufunseni mlongo wanu mosazungulira: kodi mwana ali ndi kalata ya kubadwa? Ali ndi pasipoti ya Zambia? Akati inde, muuzeni ajambule atumize. Ajambulenso reji yake mbali zonse ziwiri. Mukasindikize, muike m'pulasitiki, mupatse amai asunge pamodzi ndi mapepala a nyumba. Adzakwiya, adzati mukundilosera imfa. Mlekeni akwiye.

M'magulu athu timasonkha ndalama za mayunifomu a kwaya, za maulendo a ku Siavonga, za makeke a zikondwerero. Maliro akacitika kunja, ndalama zobweretsera mtembo zimapezeka m'sabata imodzi, zikwi ndi zikwi za Kwacha. Ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndikuthokoza. Koma kagawo kakang'ono ka ndalama zimenezo kakanakwanira kulembetsa mwana uja ndi kumutengera pasipoti amai ake akali moyo. Bwanji tiri ofulumira conco pa akufa?

Boma nalonso lisagone. Mu 2019 linakhazikitsa ndondomeko yoona za nzika zokhala kunja, ndipo ndalama zimene anthuwa amatumiza zimayamikiridwa m'malankhulidwe. Masankho akayandikira, monga mu 2015 ndi 2020, timaona magalimoto akuzungulira midzi kupereka mareji. Maulendo otere aculuke kwa ana a kunja. Kucokera ku Cape Town kufika ku Pretoria ndi mtunda woposa makilomita 1,400, ndipo mai wogwira nchito ya m'nyumba sangausiye mwana ndi nchito kuti auyende kawiri katatu. Aphungu athu akabwera kudzapempha mavoti pa msika wa Bauleni, tiwafunse zimenezi.

Za mwana wa mlongo wanga, pamene tafika ndi apa. Reji ya amai ake tinaipeza m'thumba la mkati la cikwama cimene cinabwera ndi mtembo. Mai amene akumusunga anapita ku cipatala kumene anabadwira, ndipo pa ulendo wacitatu anapeza dzina m'buku. Popeza mai anamwalira ndipo tate, munthu wa dziko lina, anasowa mimba iri ndi miyezi isanu, nkhaniyo yadutsa kwa a zacitukuko ca ana ndi ku khoti la ana, kuti papezeke munthu wololedwa kumusainira. Papita miyezi 11. Ndagulitsa laputopu yanga ya ku koleji, ndipo mwezi wa mawa ndikwera basi ndi kalata yolumbira ya amai ndi mafotokope atatu atatu a cinthu ciri conse.

Timalankhula pa foni Lamulungu liri lonse madzulo. Cinyanja cake ndi ca apa ndi apo, Cizulu canga kulibe, koma liu lakuti malume ndi limodzi m'zilankhulo zonse ziwiri. Sabata yatha anandifunsa ngati ndidzamutenga kuti akaone pamene anagona amai ake. Ndinamuuza kuti ayambe wapita ndi anti ake kukajambulitsa zithunzi za pasipoti, asaseke, ndipo makutu onse awiri aoneke.